Woyenda Pamadzi Afuniranji Bwato

Sesiliya, tenga kope ili uwerengere anzako mokweza, poti pakamwa Mulungu anakupatsa mosaumira. Ukafika pamene pali dzina lako usadumphe mzere, ndikumvetsera. Lukasi, ika katelefoniko m'thumba. Enanu khalani moyang'ana thandala, akhwangwala angatimalizire usipa ife tili kalikiliki ndi za kumwamba.

Lachitatu lapitali ndinali pansi pa mango pano, maso ali otseka. Munkayesa ndagona. Nkhalamba ikatseka maso, ana inu, ndiye kuti yatsekula makutu. Kunabwera mnyamata uja wa ku Lunho, woimba kwaya ku Angilikana, amene amadzagula usipa kuno tsiku ndi tsiku ngati kwawo nyanja inauma. Ndinamva Sesiliya akumuseka kuti, "Inu a Angilikana mulibe bwato, mapemphero anu amathera pamchenga." Mnyamatayo anaseka, chifukwa munthu wofunsira amaseka ngakhale umuponde chala. Ine sindinaseke. Mawu amenewo ndi anga. Ndinawasema ndekha, Sesiliya, amayi ako Rozina akadali kumsana, ndipo chifukwa cha mawuwo ndakhala zaka makumi anayi osadya m'nyumba ya achimwene anga.

A Barnaba inu mumawadziwa ngati gogo wakhungu wa ku Lunho amene mumamugwira chanza pamaliro. Ameneyo ndi mkulu wanga, bere limodzi. Mwezi wathawu munandiona nditavala jekete pa Lachisanu, tsiku lopanda Misa, n'kumanong'onezana kuti agogo apeza chibwenzi. Lero mumva kumene ndinapita. Koma tiyambe ndi bwatolo.

Ndili mnyamata, sitima ikabwera sinkafika kumtunda. Inkaima kutali, pakuya, n'kulira ngati ng'ombe yosowa mwana, ife n'kuthamangira mabwato. Mchere, shuga, nsalu, parafini, makalata, ngakhale ansembe ndi mikanjo yawo, zonse zinkatsikira m'manja mwathu. Popanda ife, katundu akanangozungulira nyanja n'kubwerera kumene wachokera. Ine ndinali ndi kabango kosongola kamene ndinkabisa m'chiuno. Thumba la shuga likakhala pakati pa miyendo yanga, kabango kankalowa mwaulemu, shuga n'kumatsikira m'chikho chokapira madzi. Pofika pamchenga thumba linali lomanga bwinobwino, kungoti laonda pang'ono ngati munthu wochira malungo. Lukasi, usawalitse maso. Shuga wa masiku ano amabwera m'mapulasitiki, bango likalowa thumba lonse limang'ambika. Usandifunse kuti ndadziwa bwanji.

Sukulu yanga yoyamba inali imeneyo, ndipo phunziro linali limodzi: munthu woima pakati sagona ndi njala.

Sukulu yeniyeni ndinaithawa tsiku lachitatu. Mphunzitsi anati ndikununkha nsomba, ine ndinati nsombazo ndi zimene wadya m'mawa, nkhani inathera pa chikoti. A Barnaba ndiwo anakhala, anaphunzira ku mishoni mpaka kumawerenga mawu m'tchalitchi. Kwathu tinali a Angilikana kuyambira kwa agogo athu. Amayi, a Edesi, sankadziwa chilembo ngakhale chimodzi, koma nyimbo za m'buku ankazidziwa zonse ndi ndime zake. Ankaimba posenda chinangwa, ankaimba poyanika makaka pamwala, ankaimba ngakhale potikwapula, moti pali nyimbo ina ya Pasaka imene mpaka lero ndikaimva matako amanjenjemera.

Tinali ndi mlongo wathu, mzime, dzina lake Luwiza. Pa nkhondo yoyamba, yomenyera ufulu ija, tikubisala kuthengo, anatsegula m'mimba. Kunalibe mankhwala, kunalibe mchere. Amayi anagwada masiku atatu akupemphera, tsiku lachinayi mwana anapita. Anali atangogula mano. Tinamuika pansi pa msuku, popanda belu, popanda wansembe. Titabwerera kumudzi amayi anayambanso kuimba, koma dzina la Luwiza sankalitchula, ifenso tinkalilambalala ngati dzenje. Ligwireni dzina limeneli, tilipezanso kutsogolo.

Ufulu utabwera ndinayamba kukwera ku Maniamba ndi dengu la usipa kukasinthanitsa ndi chimanga. Inu mumakwera shapa, timinibasi tija, n'kumadandaula kuti mwapanikizana ndi mbuzi. Ife tinkakwera phiri lonse lija ndi mapazi, dengu pamutu, kamba wathu chinangwa chootcha, ntchentche zikutiperekeza kuchokera kunyanja mpaka kumtunda ngati achibale. Kumeneko ndinakumana ndi agogo anu aakazi, a Mariya. Poyeza, usipa wanga ankaupondereza m'chitini ndi chigongono, koma chimanga chawo ankachithira mopepuka ngati thonje. Ndinati mumtima, mkazi wotha kundibera ine, katswiri wa kabango, ndisamusiye apite kwa wina.

Makolo awo anali Akatolika, ochepa pakati pa anzathu Asilamu, ndipo anthu akakhala ochepa amalimba ngati mfundo yonyowa. Anati ukwati ulipo ndikalowa mpingo wawo. Ndinalowa. Amayi sanakwiye. Anangoti, "Mulungu ndi mmodzi, mwana wanga watsata chimanga."

Kuchikamwini komweko ndi kumene ndinaphunzira kuwerenga. Boma linatsegula sukulu ya akuluakulu, tinkati alifabetizasau, pansi pa mtengo, bolodi lake chitseko chakale. Ndinakhala pamenepo ndili ndi ndevu, kulimbana ndi zilembo ngati ndikukoka khoka ndekha. Ndinazigonjetsa. Koma munthu wophunzira mochedwa ali ngati munthu amene wavala nsapato koyamba atakula, amafuna mudzi wonse umve kulira kwake. Ndinkawerenga zitini, matumba a feteleza, ngakhale zolembedwa pa kapulana, chitenje cha mayi wodutsa, mpaka tsiku lina mwamuna wake anandifunsa kuti ndikuwerenga chiyani kumbuyoko.

Zaka zimenezo ansembe anasowa. Chaka chinkatha osaona padiri. Akhristu ankasankha munthu woti azitsogolera mapemphero pa Lamulungu, tinkamutcha animadori, ndipo anasankha ine chifukwa cha kuwerenga ndi mawu anga ozolowera kukuwa panyanja. M'bokosi la m'kapela, katchalitchi kathu kaja, ndinapeza kabuku ka mapemphero ka Chipwitikizi, kopanda chikuto, chiswe chitadya masamba oyamba ndi otsiriza. M'menemo munali liwu limene linandikomera m'kamwa: mediyanera. Ndinakafunsa mphunzitsi wathu, munthu wa boma wosapemphera. Anati ndi mkazi woima pakati, amene zinthu zimadzera mwa iye. Kabukuko kankatcha Mariya Virigo kuti mediyanera wa chisomo chonse.

M'mutu mwanga sitima inalira.

Lamulungu lotsatira ndinalalika mpaka thukuta. Ndinati Mulungu ndi sitima yaikulu yoima pakuya, chisomo ndiye katundu, ife tili pamchenga, ndipo Mariya ndiye bwato. Ndikanalekera pomwepo, mwina mlandu ukanakhala wa nkhuku. Koma ndinathirapo ziwiri za m'mutu mwanga. Ndinati ili ndi lamulo la mpingo, wokana si Mkatolika. Ndinatinso munthu wosaitana bwato, pemphero lake limathera pamchenga. Anthu a kumapiri aja sitima anali asanaione, akanatsutsa chiyani? Mkulu mmodzi yekha anafunsa kuti zachokera kuti. Ndinakweza kabuku m'mwamba, ndinati, "Ku Roma." Roma yense anali m'thumba la malaya anga, chiswe chitamudya mbali zonse ziwiri.

Ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Sikuti ndinkakonda Mariya Virigo kuposa anzanga. Ndinkakonda bwato, chifukwa ndikatseka maso wopalasa ndinkaona ine. Pamaliro ankandipatsa mpando, pachakudya ankandisiyira nthutumba ya nkhuku, odwala ankanditumizira uthenga ngati ndili ndi kiyi. Kabango kanali kadakali m'chiuno, shuga yekha ndiye anasintha.

Chaka china, nthawi ya mwera, ndinatsika kukaona kwathu ku Lunho. Tinakhala pakhonde la a Barnaba masana, amayi, alamu ndi ana ali pamphasa chapafupi. Chakudya chitabwera a Barnaba anapemphera monga mwa nthawi zonse, mwachidule, poti anali ndi njala.

"Pemphero labwino, achimwene," ndinatero ine. "Chisoni chake n'chakuti silinachoke pamchenga."

"Watani iwe?"

Ndinawayalira ulaliki wonse, sitima, katundu, bwato, mediyanera, mpaka Roma. Amayi ankamvetsera akuchotsera mdzukulu minga ya nsomba. Nditamaliza anafunsa osadzutsa mutu.

"Matiyasi, mwana wa Mariyayo si uja anayenda pamadzi?"

"Ndi yemweyo, amayi."

"Nanga woyenda pamadzi afuniranji bwato lako?"

Alamu anagwa chagada ndi phwete. A Barnaba anatsamwa mpaka kuwamenya pamsana. Ana, amene sanamve n'komwe, ankaseka chifukwa akulu akuseka. Ine animadori, munthu wa nthutumba, kusekedwa ndi nkhalamba yosadziwa kuti A wayang'ana kuti. Ndinafunafuna mawu oti athetse kusekako, ndipo mwatsoka ndinawapeza.

"Sekani," ndinatero. "Koma mukanaitana bwato kuthengo kuja, Luwiza bwenzi tikudya naye pano."

Kuseka kunathadi. Amayi anapukuta manja pansalu, anayang'ana kunyanja. A Barnaba anaimirira, anatenga mbale imene inali patsogolo panga, mbale yoyera yachitsulo ya mkombero wobiriwira, anakhuthulira galu zonse zinali m'menemo.

"Mbale iyi udzaionanso ukadzabwera ndi pakamwa pena," anatero.

"Si ine, achimwene. Ndi lamulo la mpingo."

Ndinatola chipewa n'kuyamba kukwera phiri ndi njala.

Patapita miyezi, ogulitsa nsomba anandiuza kuti amayi asiya kuimba. Kutchalitchi ankapitabe, koma ankangokhala kumbuyo, milomo ili yotseka. Dzinja litafika anadwala. Nkhondo yachiwiri, ya pachiweniweni ija, inali itavuta, msewu unali woopsa, ndiye ndinati animadori sangasiye nkhosa zake. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope ya amayi kuposa mfuti. Agogo anu a Mariya sanalalike kanthu. Anamanga ufa pamutu, Rozina kumsana, n'kutsika njira ya m'tchire. Anawadwazika milungu itatu mpaka kuika maliro. Ine, mwana wobereka, sindinathireko dothi.

Atabwerera anakhala pansi pakhomo, miyendo itatupa.

"Bambo a Rozina, amayi asiya mawu. Pa nkhani ya bwato ija..."

Ndinadziwa kuti ndi temberero, ndipo sindinafune kulimva.

"Nkhani za Mulungu zisiyireni owerenga," ndinatero. "Inu mudziwapo chiyani?"

Anamasula Rozina kumsana.

"Chabwino," anatero.

Anyamata inu, mudzakwatira. Mkazi wa ku Maniamba akadzati chabwino, mudzafufuze pamene mwalakwa dzuwa lisanalowe.

Nkhondo itatha tinasamukira kuno ku Chiwanga, pafupi ndi kwathu koma osati kwathu. Ansembe anabwerera, ine ndinatsika pa uanimadori, ndipo za bwato sindinkazitchula pamaso pawo. Koma mawu ali ngati nthanga za therere, anamera okha m'kamwa mwa ana anga mpaka afika kwa Sesiliya. Ndi a Barnaba tinkakumana pamaliro pokha. "Mwadzuka bwanji, achimwene?" "Ndadzuka." Basi, zaka ndi zaka, ulendo woti ukanyamuka m'mawa ukafika dzuwa lisanatenthe.

Kokalapa ndinkapita. Shuga ndinalapa, kachasu ndinalapa, ya kapulana ija ndinalapa kawiri. Koma ya Luwiza sindinaitchule, chifukwa ndinali ndi pobisala. Ndinkati ngati ndi lamulo la mpingo, ndiye kuti sindinaname, ndinangonena zoona pa nthawi yolakwika. Lamulolo linali denga langa. Mvula ya chikumbumtima ikayamba, ndinkalowa m'menemo.

Denga limenelo anasasula ndi Lukasi. Ukukumbukira, iwe, tsiku lija unabwera ukuwerenga pa telefoni kuti akuluakulu a ku Roma alemba kalata yonena za maina amene timapatsa Mariya, ndipo pa dzina langa lokondedwa lija akuti tizisamala? Ndinakuuza kuti telefoni ndi mfiti yonama ndipo ndiiponya m'nyanja. Pepa. Koma Lamulungu lotsatira ndinakulunga kabuku kanga m'pulasitiki n'kudikira padiri wathu wachinyamata uja, wa njinga yamoto, atatha Misa.

"Bambo," ndinatero, "mwayamba kusintha chikhulupiriro ife tisanafe? Simukanadikira pang'ono?"

Anatembenuza kabuku kaja mosamala ngati nsomba yowola, anawerenga pamene ndinaloza, n'kumwetulira.

"Agogo, munafunsirapo mbeta?"

"Kuposa inu, bambo."

"Zoonadi. Munawauza chiyani agogo aakazi?"

"Ndinati popanda iwo sindingadye."

"Asanakuloleni, munkadya?"

"Kawiri patsiku."

"Ndiye munanama?"

Ndinaganiza. "Sindinaname. Koma sindikanafuna kuti mawuwo akawatengere kubwalo la milandu."

"Kabuku kanu kakulankhula motero," anatero. "Ndi mawu a chikondi. Anthu oyera ambiri anawanena, ngakhale apapa ena anawalemba, ndipo sanali opusa. Koma mpingo sunawaike m'gulu la ziphunzitso zimene unagamula kuti Mkatolika aliyense azivomere. Zogamulidwazo zilipo. Kuti Mariya ndi Amayi a Mulungu, kuti anakhala namwali, kuti tchimo silinamukhudze chiyambire, kuti anatengedwa kumwamba ndi thupi lomwe. Zoti amatipempherera monga mayi, zimenezonso mpingo umaphunzitsa, musakazitaye ndi madzi otsukira nsomba. Koma woima pakati pa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, Yesu. Chilichonse chimene Mariya amatichitira amachichita pansi pa mwana wakeyo. Si chipata cha loko. Chisomo Mulungu amathira yekha mumtima mwa munthu."

Ine ndinafunsa kuti, "Nanga mayi amene mwana wake akudwala kuthengo, iye n'kupemphera masiku atatu osatchula Mariya?"

Anasiya kumwetulira.

"Anamveka, agogo. Chifukwa chimene mwana amafera mayi akupemphera, sindikuchidziwa, ndipo amene akuti akuchidziwa mumuthawe. Koma ngakhale aja ankakonda kwambiri dzina ili sananenepo kuti Mulungu amatseka makutu kwa munthu wosalitchula. Anakuuzani zimenezo ndani?"

"Animadori wina wa ku Maniamba."

"Akadali moyo?"

"Pang'ono," ndinatero.

Ndinabwerera kuno. Agogo anu ndinawapeza pathandala lomweli akutembenuza usipa.

"Amayi a Rozina, mawu aja amayi anasiya."

"Ati?"

"A bwato."

"Oo, aja a owerenga?"

Anapitiriza kutembenuza mpaka thandala lonse linatha, ine ndili chilili padzuwa ngati mwana wa sukulu wochedwa. Kenako anakhala pamthunzi, anandilozera pansi kuti ndikhale.

"Amayi ndinawapeza atatembenukira kukhoma, akukana phala," anatero. "Tsiku lachiwiri anandiitana. Anati, 'Iwe ndiwe Mkatolika wobadwa nacho, undiuze zoona. Luwiza ndinamupha ndine ndi pemphero lolakwika?' Ine ndinati, 'Amayi, mwana wanu wawerenga buku limodzi lokha, lodyedwanso ndi chiswe. Mariya uja, mwana wake anamufera iye ali chilili pansi pa mtanda akuona. Kukanakhala kuti kudzera kwa iye kumaletsa mwana kufa, akanayambira wake. Ameneyo si mlonda wa pachipata, ndi mnzanu wa pamaliro.'"

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati phala lija libwere. M'mawa mwake anaimba. Mawu ngati a mbuzi yachimfine, koma anaimba, ndime zonse. Anaimba tsiku lililonse mpaka kumapeto. Ndipo anati, 'Ukamuuze Matiyasi kuti bwato lake likudontha, abwere ndidzamuthandize kumata.'"

Ana inu, munthu wa zaka zanga akalira sizioneka bwino, ndiye pamenepa tidumphepo. Zaka makumi anayi ndinkathawa temberero, chikhalirecho amayi anandisiyira nthabwala.

"Nthawi yonseyi osandiuza?" ndinafunsa nditapeza mpweya.

"Munati ndisiyire owerenga. Ndimadikira kuti muwerenge." Anatola kausipa kamodzi, anakadula mutu. "Komanso usipa munkadya ku Maniamba zaka za nkhondo zija, munkayesa ukugwa ndi mvula? Unkachokera kwa achimwene anu a Barnaba. Chimanga chathu chinkatsika, nsomba zawo zinkakwera, inu muli m'kapela kufotokozera anthu za sitima."

Ndiye ngati mukufuna lamulo, ana inu, nali limene ndingalumbire pamaso pa bishopu: m'nyumba ino zabwino zonse zinadzeradi mwa Mariya. Kungoti ndinasokoneza a Mariya ake.

Chizolowezi sichifa msanga. Madzulo ake ndinayamba kuwanyengerera.

"Amayi a Rozina, inu achimwene amakumverani. Bwanji mupite mukandipepesere?"

"Mukufuna bwato?"

"Laling'ono chabe."

"Ndikuperekezani mpaka pampanda," anatero. "Ndikawauza kuti mwabwera, ndikawapempha kuti akumvereni. Koma pakamwa panalakwa ndi panu, pakakonze pomwepo."

Ndiye Lachisanu lija la jekete. Tinayenda m'mbali mwa nyanja, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikupeza zifukwa zoimira. Ndinayang'ana bwato la munthu wina nthawi yaitali ngati ndikufuna kuligula. Agogo anu anangoti, "Likudontha limenelonso, tiyeni."

A Barnaba tinawapeza pakhonde akusoka ukonde ndi manja okha, maso aja atayera ngati a nsomba yophika. Alamu, akazi awo, anatisiya kale, tsopano amasamalidwa ndi mpongozi wawo. Agogo anu anaima pampanda.

"Odi, alamu. Ndabwera ndi munthu, mumumvereko."

Atatero anakhotera kukhitchini, kundisiya ndekha pabwalo.

"Ndani?" anafunsa a Barnaba.

"Ndine, achimwene."

"Ine ndi dzina la aliyense."

"Matiyasi."

Manja aja sanaleke kusoka. "Kuli maliro a yani?"

"Kulibe maliro."

"Ndiye wabwera pa bwato la yani?"

"Ndabwera wapansi, achimwene."

"Pamchenga?"

"Pamchenga."

Ndinagwada. Mawondo analira ngati nkhuni zouma, moti nkhuku zinathawa.

"Silinali lamulo la mpingo," ndinatero. "Ndinalipanga ndekha, ndafunsa kwa apadiri." Ndinafuna kulekera pomwepo, koma manja aja ankangosoka ngati sindinanene kanthu. "Ndipo likanakhala lamulo, ndikanakhalabe wolakwa. Sindinanene mawu aja chifukwa cha Mariya. Ndinawanena kuti amayi amve kuwawa, chifukwa anandiseka."

Manja anaima.

"Choyambacho ndinkachidziwa kale," anatero. "Ndimadikira chachiwiricho. Sendera kuno."

Ndinasendera. Anandipapasa kumaso ndi zala zonunkha ukonde, pamphumi, pamphuno, mpaka analowetsa chala m'kamwa mwanga ngati akugula mbuzi.

"Mano anatha," anatero. "Ndi pakamwa penadi." Anatembenukira kukhitchini. "Apongozi, tengani mbale ya nkhuku ija mutsuke, kwabwera mlendo."

Ndinayang'ana pansi pa nkhokwe. Inali pamenepo, mbale yoyera ya mkombero wobiriwira, itachita dzimbiri, muli madzi ndi nthenga.

"Zaka zonsezi mbale yanga ikumwera nkhuku?"

"Nkhuku ikamwa imayang'ana kumwamba n'kukhala chete. Sindinaione ikulalikira mayi wake."

Anabweretsa chinangwa chophika ndi usipa wa msuzi. A Barnaba anasamba m'manja, anapapasa mbale yanga kuti atsimikize kuti ndi yomweyo, n'kuikankhira patsogolo panga.

"Pemphera, animadori. Udzere kumene ufuna, koma ufulumire, ntchentche sizidikira Roma."

Ndinapemphera kwa Atate m'dzina la Mwana, mawu anayi kapena asanu, chifukwa ambiri sakanatuluka. Chamumtima ndinapemphanso Amayi Mariya kuti ngati akhala pafupi ndi a Edesi ndi Luwiza, awauze kuti bwato lija ndalikokera kumtunda. A Barnaba anati amen, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ija ya Pasaka, ya matako ija, pakamwa pali podzaza. Tinadya mpaka kupukuta.

Kolona yanga sindinaitaye, mumandiona nayo m'mawa uliwonse, ndipo inunso musaitaye. Munthu amene ali ndi mayi wompempherera n'kumakana, ndi wopusa. Koma musadzatenge mayiyo n'kumusandutsa chibonga chomenyera mayi wina. Ndipo munthu akadzakukwezerani kabuku n'kunena kuti ndi lamulo, mudzamufunse kuti masamba oyamba ali kuti.

Sesiliya, wawerenga bwino, ngakhale pena umathamanga. Mnyamata wako akabwera mawa kudzagula usipa umene sakuufuna, ubweze mawu aja. Ngati ukufuna chomuseka, museke makutu, amenewo ndi aakuludi ndipo aliyense akuwaona. Ukamuuzenso kuti akadutse kwa a Barnaba, anene kuti Lachisanu ndikubweranso, nkhuku zifune pomwera pena.

Mbale ija poipala dzimbiri inabooka kabowo pansi, msuzi wonse unadonthera pajekete. Ndi banga limene mukuliona pachifuwapa. Agogo anu akufuna kulichapa, ine ndawauza kuti jekete ili lisakhudze madzi mpaka adzandiike nalo, ndipo limeneli ndiye lamulo. Ayankha kuti chabwino. Ndiye masiku ano ndikuyenda nalo kulikonse, ngakhale kokasamba.